Mawu a Lamulo ndi Cholinga Chake: Mkangano wa Nduna wa 1964 Poupima ndi Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Tikuyamba m'dzina la Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Aliyense amene anakhalapo pa mphasa ya Fiqh akudziwa kuti ma Ulama akamasiyana maganizo, kawirikawiri umboni umakhala uli pamaso pa onse. Chowasiyanitsa ndi kamvedwe kake: wina wagwira mawu monga alili, wina wafunsa chimene mawuwo anadzera. Imam Bukhari anasunga nkhani ya Maswahaba amene Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anawatuma kwa Banu Quraizah, nawauza kuti Swala ya Asr akaswalire kumeneko. Nthawi itayamba kuwathera ali m'njira, ena anaswali pomwepo poona kuti cholinga cha lamulolo chinali choti afulumire, pamene ena anadikira mpaka kukafika poona kuti mawuwo anali omveka bwino. Mtumiki sanadzudzule gulu lililonse mwa awiriwa.

Malamulo oyendetsera dziko ndi olemba anthu, si chivumbulutso, ndipo andale sitikuwaika pa mlingo wa Maswahaba. Komabe zida zimene Usul al-Fiqh imatipatsa zowerengera lamulo zingatithandize kumvetsa mkangano umene unagawa amene anamenyera ufulu wa dziko lino, pasanathe ndi miyezi iwiri yomwe chilandirireni ufuluwo pa 6 Julayi 1964.

Mabuku awiri

Mabuku awiri ndiwo amapezeka kawirikawiri m'manja mwa ophunzira athu akafuna kudziwa za mkanganowu. Loyamba ndi Revolt of the Ministers la Colin Baker, limene linatuluka mu 2001. Baker anagwirapo ntchito m'boma la atsamunda ku Nyasaland, ndipo analembanso mbiri ya moyo wa Bwanamkubwa Glyn Jones. Lachiwiri ndi Colonialism to Cabinet Crisis la Andrew Ross, limene a Kachere anasindikiza ku Zomba mu 2009, mlembi wake atamwalira kale. Ross anali m'busa wochokera ku Scotland, bwenzi la zina mwa ndunazo, ndipo anachoka m'dziko muno mu 1965 zinthu zitaipa.

Pa zimene zinachitika, awiriwa sasiyana kwambiri. Nduna zinkadandaula kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anali Nduna Yaikulu, ankagamula zinthu paokha, anadziunjikira maunduna angapo, ndipo ankazitchula pagulu ngati anyamata awo. Zinkatsutsa kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, lipoti la Skinner lokhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, komanso kukana kugwirizana ndi boma la ku Peking. Kumapeto kwa Ogasiti ndunazo zinalemba madandaulo awo ku Kuchawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Kumayambiriro kwa Sepitembala a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi anachotsedwa pa unduna, pamodzi ndi mayi Rose Chibambo amene anali mlembi wothandizira nduna. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo a Henry Masauko Chipembere atabwerako ku Canada anachita chimodzimodzi. Nyumba ya Malamulo inakumana pa 8 ndi 9 Sepitembala ndipo inatsimikiza kuti ili pambuyo pa Dr. Banda.

Buku la Baker ndi lolemera ndi tsatanetsatane. Limatiuza amene anakumana ndi yani, tsiku liti, ndi zimene Bwanamkubwa anayesa kuti awayanjanitse. Wophunzira wofuna kudziwa ndondomeko ya masiku amenewo sangalilambalale. Koma mboni zake zambiri ndi Azungu a m'boma ndi makalata awo, choncho nkhaniyo timaionera pa zenera la nyumba ya Bwanamkubwa. Mutu wa bukuli nawo wagamula kale mlandu poutcha kuukira. Mu Fiqh, baghyi ili ndi malire ake: ndi gulu lokhala ndi mphamvu limene latuluka m'kumvera mtsogoleri lili ndi tanthauzo lake la lamulo limene latsamira. Nduna zimene zinakhala pansi n'kulemba madandaulo mu Ogasiti 1964 zinalibe zida; zimene zinachita timazitcha nasiha ndi ikhtilaf. Zimene a Chipembere anachita pa 12 Febuluwale 1965, pamene analowa ndi anthu onyamula zida ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, n'kukalephera kuwoloka Shire pa Liwonde, ndi nkhani ina yokhala ndi chigamulo chinanso. Kuziphatikiza pansi pa dzina limodzi kumachititsa wowerenga kuganiza kuti kutsutsa mtsogoleri m'chipinda cha nduna ndi chiyambi cha kunyamula mfuti.

Ross amalemba ngati munthu amene anaona ndi maso ndipo zinamupweteka. Mwa iye timamva mantha a masiku amenewo ndi kulira kwa mabanja amene anathawa. Koma sikelo yake imapendekera kwa anzake, moti wowerenga wosachenjera angatseke bukuli akuganiza kuti mbali ina kunali olungama okhaokha ndipo mbali inayo kunali munthu mmodzi wosakhulupirika. Mabuku onse awiri amathera mphamvu zambiri pa makhalidwe a anthu. Funso limene ife tikuliona kukhala lalikulu, lakuti malamulo a 1964 ankatanthauzanji ndipo ankateteza yani, limangokhudzidwa modutsa.

Mawu anali ndi yani, cholinga chinali ndi yani

Malamulo a 1964 anatengera dongosolo la ku Britain. Mfumukazi Elizabeth ndiyo inali mutu wa dziko, Bwanamkubwa ankaiimira, ndipo nduna zinkasankhidwa kapena kuchotsedwa potsatira malangizo a Nduna Yaikulu. Malamulo omwewo ankanenanso kuti nduna zonse pamodzi ndizo ziyankhe ku Nyumba ya Malamulo pa zochita za boma.

Dr. Banda anagwira ndime yoyambayo. Kwa iwo, amene ali ndi mphamvu yosankha ndi kuchotsa ndiye mwini boma, ndipo nduna ndi manja ake. Potsata mawu okha, sanaphwanye lamulo pochotsa a Chirwa ndi anzawo, ndiponso aphungu anawavomereza. Ndunazo zinagwira ndime yachiwiri. Munthu angayankhe bwanji pa chinthu chimene sanafunsidwe? Ngati lamulo likufuna kuti onse asenze mlandu, ndiye kuti likufunanso kuti onse akhalepo pogamula.

Imam al-Mawardi, katswiri wa madhhab a Shafi'i amene anamwalira m'chaka cha 1058, anasiyanitsa mitundu iwiri ya unduna m'buku lake al-Ahkam al-Sultaniyyah. Pali nduna ya tafwidh, imene imapatsidwa mphamvu yoganiza ndi kugamula, ndiye palinso nduna ya tanfidh, imene imangofikitsa ndi kukwaniritsa zimene mtsogoleri wanena. Mkangano wa 1964 wagona pamenepa. Dr. Banda ankaona kuti ali ndi nduna za tanfidh. A Chirwa ndi anzawo ankadziona ngati nduna za tafwidh.

Ife tikuona kuti kuwerenga kwa nduna ndiko kunali kolimba, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ma Ulama a Usul amatiphunzitsa kuti maumboni awiri akaoneka ngati akutsutsana, kuwagwiritsa ntchito onse kumaposa kutaya umodzi. Kuwerenga kwa Dr. Banda kunapha ndime ya kuyankha pamodzi, pamene kuwerenga kwa nduna kunasiya ndime zonse ziwiri zili zamoyo. Chachiwiri, pali mfundo yodziwika mu Fiqh yakuti chizolowezi chokhazikika chimawerengedwa ngati chinalembedwa m'pangano. Amene anatenga malamulo a mtundu wa ku Britain anatenganso chizolowezi chake chakuti Nduna Yaikulu imalamulira pamodzi ndi anzake. Ndipo ife Asilamu Shura sitiitenga ngati chokongoletsera: ndime 159 ya Surah Al Imran inalamula Mtumiki weniweniyo kufunsa maganizo a anthu ake, ndipo inatsika pambuyo pa Uhud, pamene uphungu umene anautsata unathera m'masautso. Ma Ulama anasiyana ngati zotsatira za Shura zimamumanga mtsogoleri kapena zimangomuunikira, koma Ibn Atiyyah wa ku Andalus anafika ponena kuti mtsogoleri wosafunsa eni nzeru ndi eni chipembedzo ayenera kuchotsedwa.

Tikatero tisaiwale chimene ndunazo zinafesa ndi manja awo. A Chipembere ndi a Chiume ndi ena mwa amene anaitana Dr. Banda kuti abwerere kumudzi mu 1958, ndipo anawakweza dala pamaso pa anthu ngati mpulumutsi. Ku Nkhata Bay chaka chomwecho, Nyasaland African Congress inawapatsa mphamvu yosankha okha akuluakulu a chipani. Ku Nkhotakota mu 1960, Malawi Congress Party inawaika kukhala mtsogoleri wake wamuyaya. Choncho panali malamulo awiri, a dziko ndi a chipani, ndipo a chipaniwo ankafuna kumvera kosafunsa. A Dunduzu Chisiza, amene anafa pa ngozi ya galimoto mu 1962, anali atachenjezeratu m'zolemba zawo za kuopsa kwa ulamuliro wankhanza m'maiko ongolandira ufulu. Ndipo ufulu utangobwera, Dr. Banda atafuna kubwezeretsa kumanga anthu osawazenga mlandu, nduna imodzi yokha, Colin Cameron, ndiyo inatula pansi udindo. Mutu umodzi susenza denga, koma amene anachotsa mizati inayo anali iwo omwe.

Tipite nawo ku Thyolo

Kuwerenga kulikonse kwa lamulo kumadziwika ndi zipatso zake kwa wofooka. Ma Ulama athu amati zochita za mtsogoleri pa anthu ake zimamangirizidwa ku ubwino wa anthuwo, ndipo Imam Shafi'i anamufanizira mtsogoleri ndi woyang'anira mwana wamasiye. N'chifukwa chake tikuutenga mkangano wa ku Zomba kupita nawo ku Thyolo, boma limene anthu ake anali ndi chifukwa chachikulu choyembekezera ufulu.

M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata za umwini wa malo kwa Azungu amene ankati anagula nthaka kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yakuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Koma Alhomwe ambiri amene anadzafika pambuyo pake kuchokera ku Mozambique ndimeyo sinawateteze, ndipo anakhala pa maesiteti polipira ndi thukuta lawo. Ili ndilo thangata. Tiyi atafalikira ku Thyolo, kuchokera ku Mulanje kumene anayambira, mayina monga Bandanga, Naming'omba, Makwasa, Satemwa ndi Conforzi anadziwika, ndipo midzi inapanikizika m'mphepete mwa minda. Komiti ya Sidney Abrahams inafufuza vuto la malo mu 1946. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chinayambira pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza n'kufalikira m'madera ena a kummwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Baker mwiniwake anafotokoza mbiri imeneyi m'buku lina, Seeds of Trouble, la 1993. Chodandaulitsa n'chakuti nkhani ya malo anaiika m'buku limodzi, ya nduna m'buku lina, ngati kuti sizikhudzana.

Zimakumana pa gawo la maufulu a anthu. Pa msonkhano wa ku Marlborough House ku London mu Novembala 1962 anagwirizana kuti malamulo atsopano akhale ndi gawo limeneli, ndipo amene ankalilimbikira kwambiri anali oimira Azungu okhala muno. Gawolo linkateteza munthu kuti asamangidwe popanda chifukwa, linkateteza ufulu wolankhula ndi wopembedza, komanso linkateteza katundu kuti asalandidwe popanda chipukuta misozi. Ndime yomalizayi ndiyo inali mpanda wa maesiteti. Choncho munthu wa kwa Bvumbwe kapena kwa Nchilamwela akanatha kuliona gawolo ngati chikopa cha bwana.

Pa 6 Julayi 1966 dziko linakhala Ripabuliki ya chipani chimodzi, ndipo gawo la maufulu linachotsedwa. Panangotsala mawu akuti boma lipitiriza kulemekeza maufulu a m'chikalata cha United Nations. Taonani tsono zimene zinatsatira. Boma linali litagula kale malo ambiri osalimidwa kuyambira nthawi ya atsamunda, koma minda ya tiyi inakhalabe m'manja mwa eni ake, pakuti inkabweretsa ndalama zakunja ndi ntchito. Lamulo lolanda katundu la 1966 linagwa pa amene boma linkawaona ngati adani ake, osati pofuna kupezera malo anthu a ku Thyolo. Chimene chinachoka ndi chitetezo cha munthu wamba. Anthu a m'midzi ya ku Mangochi, ambiri a iwo Asilamu, anatengedwa kukatsekeredwa ku Dzeleka powaganizira kuti ankathandiza a Chipembere. A Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967, a Chipembere anafera ku America mu 1975, ndipo a Orton Chirwa, loya amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mpanda unagwetsedwa, koma mbuzi zinadya munda wa wosauka, wa bwana uli chilili.

Nazonso nduna sizituluka zoyera pa muyeso wa Thyolo. Pa madandaulo awo akuluakulu, tiki ya kuchipatala ndiyo inkamukhudza mwachindunji mayi wothyola tiyi. Enawo ankakhudza kwambiri ophunzira ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo Dr. Banda anapezerapo mwayi wouza anthu akumudzi kuti ndunazo zikungomenyera mimba zawo.

Mmene Umar anachitira

Mbiri yathu ili ndi mkangano wofanana ndi umenewu, ndipo unali wa malo. Iraq itagonjetsedwa, Bilal ndi Abdurrahman ibn Awf (Allah asangalale nawo) anafuna kuti nthaka yachonde ya Sawad igawidwe kwa asilikali. Anali ndi umboni: ndime 41 ya Surah al-Anfal ndi zimene Mtumiki anachita ku Khaibar. Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) anaona kuti nthakayo ikagawidwa, chuma chidzaunjikana mwa ochepa ndipo mibadwo yobwera idzapeza palibe kanthu. Anatsamira ndime 7 mpaka 10 za Surah al-Hashr, zimene zimatchulanso odzabwera pambuyo. Qadhi Abu Yusuf, m'buku lake Kitab al-Kharaj, akufotokoza kuti Umar sanachotse aliyense pa udindo chifukwa chomutsutsa. Anakambirana ndi ma Muhajirun, kenako anaitana akuluakulu khumi a ma Answar, asanu a Aws ndi asanu a Khazraj, n'kuwaika nkhaniyo patsogolo. Mapeto ake nthaka inasiyidwa m'manja mwa olima, ndipo msonkho wake unkapita ku thumba la Asilamu onse. Imam Shafi'i anaimvetsa nkhaniyi motere: Umar anawapempha eni gawo kuti alisiye mwakufuna kwawo, ndipo ena, monga a fuko la Bajilah, anawapatsa chipukuta misozi.

M'nkhaniyi muli zinthu zitatu zimene zinasowa mu 1964. Otsutsa anamvedwa ndipo anakhalabe ndi ulemu wawo. Amene anatsata cholinga anabweretsa umboni wolembedwa, sanangodalira udindo wake. Ndipo ubwino wa onse unafunidwa popanda kupondereza ufulu wa mwini gawo.

Zimene zatsalira ife

Malamulo a 1994 anaphunzirapo kanthu. Gawo 11 limauza makhoti mmene angawatanthauzire, ndipo limawalamula kulabadira mfundo zikuluzikulu ndi maufulu a anthu. Gawo 12 limati mphamvu zonse zimachokera kwa anthu ndipo olamulira amangozisunga ngati chosungitsidwa, chimene ife timachitcha amanah. Kuti kutanthauzira si nkhani ya m'kalasi chabe tinakuona pa 3 Febuluwale 2020, pamene khoti linagamula kuti wopambana pa chisankho cha pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, mosiyana ndi mmene gawo 80 linamvekera pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba mu 2000. Mawu anali omwewo. Kamvedwe ndiko kanasintha, ndipo dziko linavotanso.

Ku Thyolo funso la 1964 likadali poyera. Gawo 28 limateteza katundu wa munthu, ndipo gawo 44 limalola boma kutenga malo pokhapokha ngati ndi zothandiza anthu onse, litadziwitsa mwini wake ndi kumulipira moyenera. Gawo 30 limapatsa aliyense ufulu wa chitukuko. Mwini esiteti amawerenga gawo 28. Bambo wa ana asanu ndi mmodzi wolima kadimba kotsetsereka amawerenga gawo 30. Ndondomeko ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inathandiza mabanja pafupifupi 15,000 kupeza malo, ndipo ena mwa iwo anachoka ku Thyolo ndi Mulanje kukakhala ku Mangochi ndi Machinga, pakati pa abale athu. Vuto linachepako, koma silinathe.

Fiqh siilola kuti munthu adzigamulire yekha n'kulowa m'munda wa wina ndi khasu. Kumeneko ndi ghasb, ndipo kungasowetse ntchito anthu ambiri amene amadyera tiyi yemweyo. Koma Fiqh yomweyo imafunsa ngati mfumu imene inalandira nsalu inali mwini nthaka kapena msungi chabe, pakuti kugulitsa chimene si chako n'kosavomerezeka m'madhhab athu. Mafunso awiriwa ayenera kusenzedwa pamodzi ndi boma, makhoti, mafumu ndi eni maesiteti, mwa njira ya Umar: kukambirana, umboni, ndi kulipira woyenera kulipidwa.

Kwa aphunzitsi a m'madrasa ndi m'sukulu, langizo lathu ndi lakuti mabuku awiriwa aziwerengedwa pamodzi, Baker chifukwa cha ndondomeko yake, Ross chifukwa cha umboni wake, ndipo pambali pawo pakhale Seeds of Trouble ndi mutu wa unduna wa al-Mawardi. Kenako wophunzira atumidwe kwa agogo a ku Luchenza, ku Thekerani ndi ku Malindi amene anaona thangata ndi Dzeleka, akalembe zimene akukumbukira iwo asanatisiye. Ndipo pophunzitsa ndime iliyonse ya lamulo, wophunzira azolowere kufunsa mafunso atatu: mawu akuti chiyani, anadzeranji, ndipo kamvedwe kangaka kakumusiya pati munthu wopanda womuyankhulira. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.